Mliri utatseka njira za anthu obadwa ndi ziwalo ziwiri ku Tete

Mwana akabadwa kwathu ku Angónia, ku Tsangano kapena ku Macanga, funso loyamba la anthu odikira panja limakhala lakuti, "Ndi mwana wanji?" Pa yankho la funso limeneli pamamangidwa zinthu zambiri: dzina, zovala, ntchito zapakhomo, mwambo umene mwanayo adzalowe akadzatha msinkhu, ngakhalenso anthu amene adzasambitse thupi lake tsiku lomaliza. Koma alipo ana ena amene azamba kapena anamwino amati akawayang'ana amayamba akhala chete, chifukwa thupi lawo silikuoneka kuti lagwera mbali iti. Pachichewa ambiri timangoti obadwa ndi ziwalo ziwiri, pamene m'Chingerezi amati intersex ndipo m'Chipwitikizi amati intersexo. Moyo wa anthu amenewa m'chigawo cha Tete wakhala ukutsamira pa zinthu ziwiri, chinsinsi ndi ulendo. Mliri wa Covid-19 unawalanda ulendo, ndipo chinsinsi chija chinabisa zonse zimene anataya.

Mawu akuti ziwalo ziwiri amasocheretsa pang'ono, ndipo ndi bwino kuwawongola poyamba. Palibe munthu amene amabadwa ndi ziwalo zathunthu zachimuna pamodzi ndi ziwalo zathunthu zachikazi, monga mmene nthano za kumadzi ndi za pabwalo zimanenera. Chimene chimachitika n'chakuti thupi la mwana m'mimba limaumbidwa ndi zinthu zingapo, zomwe ndi makromozomu (tinthu tosaoneka ndi maso tonyamula chibadwa chochokera kwa makolo), tiziwalo topanga mazira kapena mbewu ya abambo, mahomoni (timadzi ta m'thupi tolamulira kakulidwe kake), ndiponso mmene thupilo limamvera mahomoniwo, ndipo mwa ana ena zinthu zimenezi sizilozera mbali imodzi. Pali mwana wa makromozomu a XY, omwe nthawi zambiri amakhala a amuna, amene thupi lake silimva mahomoni achimuna, kotero amabadwa ndi kukula ngati mtsikana aliyense, ndipo nkhaniyo imadzaululika pamene anzake onse atha msinkhu koma iye sakupita kumwezi. Pali wina amene amaleredwa ngati mtsikana, koma pofika zaka 12 kapena 13 mawu amayamba kukhala abesi ndipo thupi limatembenukira kuchimuna. Pali anyamata a XXY, vuto lotchedwa Klinefelter, ndi atsikana a X imodzi yokha, vuto lotchedwa Turner, amene ena mwa iwo amakula osadziwa chilichonse mpaka atavutika kubereka.

Chifukwa cha kusiyanasiyana kumeneku, akatswiri sagwirizana pa chiwerengero. Bungwe la United Nations limanena kuti anthu otere alipo pakati pa 0.05 ndi 1.7 pa 100 alionse, malingana ndi mavuto amene munthu wawaphatikiza powerenga. Kalembera wa 2017 anapeza anthu pafupifupi 2.6 miliyoni m'chigawo cha Tete, choncho ngakhale titatenga chiwerengero chotsikitsitsa chija tikunena za anthu pafupifupi 1,300, ndipo titatenga chapamwamba tikunena za anthu opitirira 40,000. Kalemberayo anali ndi mabokosi awiri okha, la mwamuna ndi la mkazi. Ku Kenya, m'kalembera wa 2019, anawonjezera bokosi lachitatu ndipo analemba anthu 1,524, chiwerengero chimene chikungosonyeza mabanja amene analimba mtima kuulula kwa mlendo wobwera ndi buku pakhomo.

Ndinenenso mwachidule kuti nkhaniyi ndi ya kabadwidwe ka thupi, osati ya amene munthu amamukonda. Anthu amakonda kusakaniza ziwirizi, ndipo kusakanizako kwachititsa makolo ena kuopa kupita ndi khanda kuchipatala ngati kuti khandalo lapalamula.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza pa 11 Malichi 2020 kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse. Ku Mozambique wodwala woyamba anapezeka pa 22 Malichi, sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi, ndipo kuyambira pa 1 Epulo dziko linalowa m'malamulo a nthawi ya ngozi amene Pulezidenti Filipe Nyusi analengeza, omwe pa 7 Sepitembala analowedwa m'malo ndi malamulo ena opepukirapo. Misonkhano inaletsedwa, matchalitchi anatsekedwa, machapa anauzidwa kuchepetsa anthu okwera, ndipo pazipata za m'malire monga Zóbuè ndi Calómuè zinali zosavuta kwa galimoto ya katundu kuposa kwa munthu wamba. Katemera anayamba kuperekedwa pa 8 Malichi 2021. Palibe lamulo ngakhale limodzi mwa amenewa limene linapangidwa ndi cholinga chopweteka anthu obadwa ndi ziwalo ziwiri, ndipo ambiri mwa malamulowo anali ofunika. Kungoti opanga malamulowo sankawaona anthuwa n'komwe.

Kuti timvetse chifukwa chake kutsekeka kwa njira kunali kowawa chotere, tiyenera kukumbukira mmene dziko lathu linakhalira. Kuchokera ku Ulongwe, likulu la Angónia, kukafika kuchipatala chachikulu cha chigawo mumzinda wa Tete ndi makilomita opitirira 200, ndipo matenda ofuna akatswiri a mahomoni kapena kupima makromozomu amatumizidwanso kutali, ku Beira ngakhale ku Maputo, komwe kuchokera ku Tete ndi makilomita opitirira 1,500. Munthu wa ku Angónia amafika msanga ku Dedza, ku Ntcheu ngakhale ku Lilongwe kusiyana ndi ku Tete, ndipo kumeneko dokotala amalankhula chinenero chake, popanda kufuna wachibale womasulira Chipwitikizi. Kwa banja lokhala ndi mwana wotere, kutalikako kuli ndi ubwino wina umene sunenedwa poyera: kutali kulibe amene akukudziwa. Pachipatala chaching'ono cha kumudzi, namwino ndi mlamu wa mnansi wako, wosesa ndi mnzako wa kumpingo, ndipo mayi amaopa kuti akangovula mwana thewera nkhani ikhala itafika kuchitsime dzuwa lisanalowe. Ndiye mabanja amenewa anazolowera kulumpha chipatala chapafupi n'kupita chakutali, ponamizira kuti akukaona abale kapena akukagulitsa mbatata. Mliri utabwera, chipatala chokhacho chimene chinatsala chinali chomwe ankachithawa chija.

Pali vuto limodzi limene ndikufuna kukhalapo nthawi, chifukwa ndi pamene kuchedwa kwa masiku ochepa kumasanduka maliro. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa adrenal, kamene kamapanga homoni ya cortisol yothandiza thupi kupirira matenda, ndi ya aldosterone yosunga mchere m'thupi. Mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 15,000 alionse, tiziwalo timeneti timalephera kupanga mahomoniwa mokwanira, ndipo m'malo mwake timatulutsa mahomoni achimuna ochuluka. Madokotala amafupikitsa dzina la vutoli kuti CAH. Mwana wamkazi wobadwa nalo amatha kukhala ndi ziwalo zooneka ngati zachimuna, pamene wamwamuna saoneka chachilendo chilichonse. Mwa ana 4 alionse obadwa ndi mtundu waukulu wa vutoli, pafupifupi 3 amataya mchere kudzera mumkodzo, ndipo zizindikiro zake zimayamba m'sabata yachiwiri kapena yachitatu: khanda limasanza, limakana bere, limatsika thupi, liwombo limalowa, kenako limalefuka. Akapanda kulandira madzi a mchere a m'mitsempha ndi mankhwala a hydrocortisone, mwanayo amamwalira.

Taonani nthawi yake. Ndi masiku omwe aja mchombo wangogwa, mayi akungotuluka m'chikuta, ndipo mwana akadali m'manja mwa agogo ndi azakhali. Taonaninso zizindikiro zake, kuti ndi zomwezija zimene kwathu timazitcha liwombo kapena tsempho. Khanda likayamba kunyentchera, maso a akuluakulu amatembenukira kwa bambo kuti mwina anadumpha mwambo, kapena kwa mayi wina amene anathira mchere m'ndiwo ali kumwezi, ndipo masiku awiri kapena atatu amatha pofufuza wolakwa ndi pomata mankhwala paliwombo. Sindikunyoza agogo athu, amene analera mibadwo popanda dokotala, koma zimandipweteka mtima kuti pamene mudzi ukukambirana za amene anathira mchere, mwanayo akufa chifukwa chosowa mchere womwewo. M'masiku abwino mayi wotere akhoza kukwera njinga yamoto n'kufika kuchipatala. M'miyezi ya mliri, pamene anthu ankaopa kuti chipatala ndi kumene kuli matenda, mayendedwe atavuta, ndiponso pamene banja linali kale ndi chifukwa chobisira mwanayo, zinali zosavuta kunena kuti, "Tiyeni tidikire mawa, amayi." Imfa yotero silembedwa m'buku la Covid-19, ndiponso silembedwa m'buku lina lililonse ndi dzina lake lenileni.

Amene anapulumuka ukhanda amakhala pamankhwala moyo wawo wonse. Mwana wa CAH amamwa hydrocortisone kawirikawiri katatu patsiku, ndipo wotaya mchere amamwanso fludrocortisone. Akatentha thupi, mlingo wa hydrocortisone umafunika kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndipo akayamba kusanza moti mapiritsi sakukhazikika m'mimba, pamafunika jakisoni mwamsanga. Apa ndi pamene mliri unakhudza thupi mwachindunji, chifukwa chizindikiro chodziwika cha Covid-19 chinali kutentha thupi, ndipo uthenga umene unkamveka pawailesi unali wakuti wa zizindikiro zochepa akhale kunyumba, uthenga womwe unali wabwino kwa anthu ambiri koma woopsa kwa munthu amene thupi lake silipanga cortisol. Mankhwalawonso anavuta kuyenda. Pa 3 Malichi 2020 dziko la India, komwe kumachokera mankhwala ambiri amene timagwiritsa ntchito mu Africa, linaika malire pa kutumiza kunja mitundu 26 ya mankhwala ndi zopangira zake, ndipo ndege zonyamula katundu zinachepa. Kenako mu Juni 2020 kafukufuku wa ku Britain anasonyeza kuti dexamethasone amapulumutsa odwala Covid-19 ovutika kupuma, ndipo mu Sepitembala WHO inalangiza kuti odwala kwambiri azipatsidwa mankhwala a gulu limeneli, kuphatikizapo hydrocortisone. Mankhwala amene ana ochepa ankadalira mwakachetechete anakhala ofunidwa ndi dziko lonse. Banja limene linkagula mapiritsi ake kutsidya kwa malire, mwezi ndi mwezi, silinkafunika kumva nkhani za ku India kuti lidziwe kuti botolo latsala ndi masiku angati.

Akuluakulu nawo ali ndi mankhwala awo. Kwa zaka zambiri madokotala m'mayiko ambiri ankachotsa tiziwalo topanga mazira kapena mbewu mwa ana otere, nthawi zina mwanayo osauzidwa chimene chachitika, ndipo munthu wochotsedwa tiziwaloti amadalira mahomoni a m'botolo kwa zaka zonse zotsatira. Akasiya, thupi limatentha mwadzidzidzi, tulo timasowa, mtima umagwa, ndipo pakapita nthawi mafupa amafooka. Amene ali ndi Turner nthawi zambiri amakhalanso ndi vuto la mtima kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo a Klinefelter amadwala shuga mosavuta, matenda omwe amachititsa Covid-19 kukhala woopsa. Kubadwa ndi thupi lotere pakokha sikuchititsa munthu kutenga kachilomboka mosavuta ayi, koma kumamuika pakati pa anthu amene sayenera kudukiza kuonana ndi dokotala. Mu Ogasiti 2020 WHO inafalitsa zotsatira za kufunsa mayiko 105, ndipo 90 pa 100 alionse ananena kuti ntchito zofunika za umoyo zinasokonekera.

Nkhani ya maopaleshoni oimitsidwa ili ndi nkhope ziwiri, ndipo ndikuona kuti tiyenera kuziyang'ana zonse. Pali opaleshoni imene singadikire, monga pamene mwana akulephera kukodza, kapena pamene njira ya mkodzo yatsekeka chifukwa cha zipsera za opaleshoni yakale, ndipo kuchedwetsa imeneyi kunali kuzunza munthu. Koma pali ina imene cholinga chake ndi kungosintha maonekedwe a ziwalo za khanda kuti makolo akhale ndi yankho la funso lija la mwana wanji. Anthu ambiri amene anachitidwa opaleshoni yotere ali makanda akula n'kunena kuti inawasiyira ululu ndi zipsera, inapha kumva kwa thupi, ndipo ena inawaika kumbali imene mtima wawo unadzakana atakula. N'chifukwa chake Malta mu 2015 ndi Portugal mu 2018 anaika malamulo akuti opaleshoni yosapulumutsa moyo idikire mwini thupi. Ndikukhulupirira kuti mwana amene opaleshoni yake yotere inalephereka chifukwa cha mliri sanataye kanthu, ndipo mwina anapindula. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ife makolo timatha kugulitsa ng'ombe kuti tikonze maonekedwe, chikhalirecho mapiritsi otchipa amene amasunga moyo ndi amene amayamba kusowa.

Kunyumba nako sikunali kopumira kwa aliyense. Ana ambiri sanabwerere m'kalasi mpaka mu 2021, ndipo chaka chathunthu ndi nthawi yaitali kwa mwana amene thupi lake likusintha mosiyana ndi mmene analeredwera. Tiyerekeze mtsikana wa zaka 15 wa ku Furancungo amene sanaonebe kumwezi, ndipo wakhala tsiku lonse pamaso pa amayi ake, azakhali ake ndi anamkungwi amene akuwerenga miyezi kuti chinamwali chikhala liti. Kapena mnyamata amene mabere ayamba kumera, m'nyumba ya zipinda ziwiri momwe mulibe pobisala posamba. Kwa ena sukulu inali malo ochitidwa chipongwe ndipo kutsekedwa kwake kunali mpumulo, koma kwa amene kwawo amamunena kuti ndi malodza kapena chilango cha makolo, kutsekeredwa pakhomo kunatanthauza kumva mawu amenewo kuyambira m'mawa mpaka usiku, nthawi zina n'kutengeredwa kwa asing'anga kukatemedwa mphini. Bungwe la anthu otere ku Ulaya, OII Europe, linafunsa anthu ake mu 2020, ndipo ambiri ananena kuti maganizo awo anasokonekera kwambiri. Iwowo anali ndi intaneti ndi misonkhano ya pa foni. Kumudzi kwathu foni imakhala imodzi pabanja, ndipo munthu sangafunse za thupi lake pa foni imene madzulo ikhala m'manja mwa bambo ake.

Ndalama zinavuta kwa onse, koma zinavuta kwambiri kwa amene analeka sukulu msanga pothawa kusekedwa, omwe ambiri amadya za geni ya m'malire ndi ganyu. Boma, kudzera ku bungwe lake lothandiza ovutika la INAS, linakonza zopereka mametikali 1,500 pamwezi kwa miyezi 6 kwa mabanja osauka a m'matauni ndi m'malire, koma thandizo lililonse lolembetsa limafuna kuti munthu aime pamzere n'kutchulidwa dzina, ndipo amene chiphaso chake chalembedwa dzina lachikazi pamene nkhope ili ndi ndevu amaganiza kawiri asanaime pamzere wotero. Ena alibe n'chiphaso chomwe, chifukwa makolo anazengereza kulembetsa khanda limene sankadziwa kuti alilemba kuti chiyani. Mayiko ena anafika poipa kuposa apa: mu Epulo 2020 Panama ndi Peru anagawa masiku otuluka panja, ena a amuna ena a akazi, ndipo apolisi ankaweruza poyang'ana nkhope ndi chiphaso, mpaka Peru inasiya lamulolo patangotha sabata imodzi. Kuno lamulo lotero kunalibe, koma mawodi a chipatala ndi a amuna ndi a akazi, ndipo mantha a kugonekedwa, kuvulidwa ndi kuitaniridwa ena kuti adzaone ndi okwanira kuchititsa munthu wobanika kukhala kunyumba.

WHO inalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 salinso ngozi ya dziko lonse. M'chaka chomwecho bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu linavomereza chigamulo nambala 552, chopempha mayiko a mu Africa kuteteza anthu obadwa ndi matupi otere ndi kuletsa maopaleshoni osafunika pa ana, ndipo pa 4 Epulo 2024 khonsolo ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inavomereza chigamulo chake choyamba pankhaniyi, mayiko 24 atavomera, 23 atakhala chete, popanda wokana. Zimenezi ndi zabwino, koma miliri sinathe m'chigawo chathu. Mu 2022 poliyo anapezeka ku Changara, ndipo mu 2023 kolera anafika m'maboma athu, matenda otsegula m'mimba ndi kusanza amene kwa mwana wotaya mchere ndi oopsa kuposa Covid-19.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo n'chakuti Tete yemweyu anaphunzitsapo dziko njira yothetsera vuto la mtunda. Mu 2008, akuluakulu a zaumoyo m'chigawo chino pamodzi ndi bungwe la Médecins Sans Frontières anayambitsa magulu a anthu omwa ma ARV, osapitirira 6 pagulu, amene amasinthana kupita kuchipatala kukatengera anzawo onse mankhwala, ndipo njira imeneyi, yodziwika kuti GAAC, inadzafalikira m'dziko lonse. Mliri utafika, omwa ma ARV ambiri anayambanso kulandira mankhwala a miyezi 3 nthawi imodzi. Zonsezi zinatheka chifukwa anthuwo anali atalembedwa m'mabuku a chipatala, ndipo anali atafika pouzana okhaokha za matenda amene kale ankabisidwa chimodzimodzi. Mabanja a ana a CAH ndi ochepa ndiponso otalikirana moti gulu la anthu 6 silingapezeke m'mudzi umodzi, koma zina zonse zikhoza kutengedwa mmene zilili: mapiritsi a miyezi 3, botolo la jakisoni losungidwa pachipatala chaching'ono chapafupi, khadi lolembedwa m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa lofotokoza mlingo wa tsiku la kutentha thupi kuti ligwire ntchito mbali zonse ziwiri za malire, ndi namwino mmodzi amene banjalo likumudziwa kuti sakamba za odwala ake kumsika. Alangizi a zaumoyo a m'midzi, omwe timawatcha ma APE, amayendera kale makanda m'masiku oyamba, ndipo sizingatenge tsiku lathunthu kuwaphunzitsa kuti khanda la sabata ziwiri limene likusanza ndi kulowa liwombo, kaya ziwalo zake zikuoneka bwanji, liyenera kunyamuka tsiku lomwelo.